Cha Apolisi Kapena cha Moto

Ndinawaona koyamba atanyonyomala kuseri kwa mpanda wanga wa bango, akusuzumira pachibowo chimene agalu anaboola. Unali mwezi wa Juni, kukuwaza kamvula kaja ka kuno ku Mzuzu kamene sikanyowetsa msanga koma kamalowa mpaka m'mafupa. Ine ndinali pawindo, pa makina anga olukira majuzi. Poyamba ndinkayesa ndi wakuba, koma ndinali ndisanaonepo wakuba wovala tayi. Anali bambo wamtali, woonda, jekete yake yoperewera m'mikono. Sankayang'ana nyumba ayi. Ankayang'ana matayala a galimoto.

Galimotoyo inali Sienta ya malemu amuna anga, a Frackson Gondwe. Chimwalirireni iwo inangokhala pabwalo pathu ku Chiputula titaifunditsa lona, nkhuku za aneba zikubisala mvula kunsi kwake. Ine sindidziwa kuyendetsa. Nthawi imeneyo ngakhale kutsegula chitseko chake kunkandivuta, chifukwa m'katimo munkamvekabe fungo la mafuta amene iwo ankadzola kumutu.

"Odi! Monire, amama!" anaitana bamboyo atandiona.

Ndinatseka katani. Ine kwathu ndi ku Ntcheu, kuno ndinabwera ndi ukwati. Chitumbuka ndimachimva, koma kuyankhula ndi munthu wachilendo, kaya m'chinenero chanji, kumandiumitsa pakamwa. Ndinatuma mwana wanga Tina, amene anali fomu 3. Anabwerako akuseka.

"Amayi, akuti matayala akulira."

"Akulira bwanji?"

"Kaya. Akuti mutuluke mudzamve nokha."

Ndinatuluka nditafunda chitenje kumutu. Bamboyo anaimirira, navula kachipewa kawo mvula ikuwaza choncho.

"Pepani chomene, amama, ine sindine wakuba yayi. Ndimadutsa pano popita kukwaya. Galimoto iyi ikundimvetsa chisoni. Galimoto ikangokhala imadwala kuposa ikamayenda. Taonani matayala, akhala pansi ngati nkhuku yofungatira mazira."

Dzina lawo ndi Overtoun Mhone. Anati ndi dalaivala, koma pa nthawiyo analibe galimoto yoyendetsa. Ndinangoti ndamva, n'kubwerera m'nyumba.

Lachinayi lotsatira ndinafunsa amayi a umanyano, amene kwathu timati amvano, ngati akuwadziwa. Onse ankawadziwa, ndipo aliyense ankayamba waseka kaye asanayankhe.

"A Mhone? Sangakubereni ngakhale singano," anatero mayi wina wachikulire. "Koma singano yomweyo wina akaipempha, apereka."

Mbiri yawo ndinaitolera pang'onopang'ono, ina kwa amayiwo, ina kwa iwo eni. Anabadwira kufupi ndi Chintheche, m'banja la aphunzitsi. Abale awo onse ndi anthu a m'maofesi. Iwo okha sukulu analekezera fomu 2, osati chifukwa mutu unali wouma, koma njinga imene ankapitira kusukulu anaibwereketsa mnzawo amene anapita nayo ku Dwangwa osabwerako. Anayamba ukondakitala pa minibasi za ku Nkhata Bay, naphunzira chiwongolero, kenako n'kupeza ntchito yoyendetsa lole ya matabwa ku Chikangawa. Ntchito imeneyo inatha tsiku limene anapeza dalaivala wina ataphulitsa tayala m'nkhalango. Anamupatsa sipeya yawo. Atangoyenda pang'ono, lawo nalo linaphulika, matabwa a eni ake n'kugona pamsewu.

Akazi awo, amayi Eness, amagulitsa nthochi ndi chinangwa mumsika waukulu. Amakhala ku Mchengautuwa. Ndinalimba mtima kukawaona pa benchi pawo, ndipo sanandibisire kanthu.

"Amama, nyumba yanga ili m'nyumba za anthu. Simbi ili ku Lupaso. Wilibala ili ku Zolozolo. Ambulera kaya ili kuti, mwina ku Tanzania. Chimene ndikufuna kuti chikhale ndimachitsekera m'bokosi lachitsulo, kiyi n'kuvala m'khosi."

"Ndiye mukuti ndisawapatse galimoto?"

"Apatseni. Mowa samwa, akazi sayang'ana, liwiro alibe. Ndipo galimoto yonse sangaibwereketse. Ndi yaikulu, imaoneka."

Ndinaganiza za Tina. Ankaphunzira pa sukulu yolipira imene bambo ake anamusankhira, ndipo ankakhoza. Majuzi anga amagulidwa nyengo yozizira yokha, pamene sukulu sidziwa nyengo. Kupatula kanyumba tikukhalamoka, chimene a Frackson anatisiyira chinali Sienta imeneyo. Ikanayenda, Tina akanamaliza pomwepo. Ndinatuma uthenga kwa a Mhone kuti abwere.

Anaitenga ngati wodwala amene wangotuluka m'chipatala. Anapopa matayala, anasintha batire ndi oyilo, natulutsa chisa cha makoswe ku injini. Kenako anati isanayambe kunyamula anthu iyenera kukayezedwa ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu, ndipo pamafunika matrayango awiri ochenjezera anthu galimoto ikafa, ndi chozimitsira moto, chimene madalaivala amangoti faya.

"Faya ilimo," ndinatero. "Malemu ankasunga kubuti."

Anaipeza kunsi kwa sipeya. Kanali kachitini kakang'ono ngati ka mankhwala opopera udzudzu, kadzimbiri kunsi. Anakagwedeza pafupi ndi khutu, nandipatsa. Munalibe kanthu. Ndinakhala pakhonde kachitiniko kali m'manja. A Frackson anali munthu wosamala, woti ankasita ngakhale mpango wa m'thumba. Tinayenda nawo m'galimoto imeneyo mpaka ku Ntcheu, Tina ali kumbuyo, tikudalira chitini chopanda kanthu.

"Musawaweruze adada," anatero a Mhone. "Onse ali nthena, ndi mmene amachitira eni magalimoto onse. Tiyeni m'tauni."

Sitolo imene anandipititsako inali ya zitsulo ndi zipangizo za galimoto, yopapatiza, yonunkha mphira. Wogulitsa anali mayi wonenepa amene ankadya mtedza. Sanadzuke n'komwe.

"Mukufuna cha apolisi kapena cha moto?"

Ndinayang'ana a Mhone. Ndinkayesa sindinamve bwino.

"Bwanji, zilipo ziwiri?" ndinafunsa motsitsa mawu.

"Zilipo zitatu," anatero mayiyo akuloza ndi chibwano. "Timeneto n'totsika mtengo, anthu amatikonda. Wapolisi akaimitsa, mwatulutsa, waona chofiira, mwapita. Awo ndi akale koma tawapenta, amaoneka aulemu. Icho chapamwambacho ndiye cha moto. Chakhalitsa, palibe amachifunsa."

Ankayankhula ngati akusiyanitsa tomato wakupsa ndi wosapsa. M'sitolomo munali amuna ena awiri, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anatembenuka.

A Mhone anatola kachitini kamodzi, nakakweza ndi zala ziwiri.

"Aka ndi kathovu. Kamazimitsa kandulo ya pa keke." Anakabwezera. Ananyamula limodzi la mabotolo opentedwa aja. "Ili, taonani. Penti yaphimba tsiku, yaphimba ndi kawotchi komwe. Mkwatibwi wopaka zambiri kumaso, amama, funsani zaka zake."

"A Mhone, musandithamangitsire makasitomala," anatero wogulitsayo akuseka.

"Tsitsani chapamwambacho, mulamu."

Mayiyo anakwera pa mpando akudandaula msana, natsitsa botolo lafumbi. A Mhone analipukuta ndi mkono wa jekete, n'kuyamba kundionetsa chimodzichimodzi. Pakhosi pake panali kawotchi kokhala ndi kamuvi, ndipo anati kamuviko kazikhala pobiriwira. Kakagwera kofiira ndiye kuti mphamvu yatha. Anandionetsa tsiku limene linapangidwa, ndi kapini komangidwa ndi kachingwe ka pulasitiki kosonyeza kuti palibe analigwiritsapo. Chogwirira chinali chachitsulo. Kenako analizondotsa, naliika pakhutu panga.

"Mvetserani."

Ndinamva kanthu kakuyenda m'kati, shiii, ngati mchenga wouma.

"Ndi ufa umenewo. Ukapanda kumveka ndiye kuti waumbana, wasanduka mwala. M'galimoto mumafunika cha ufa, chifukwa umazimitsa mipando, petulo ndi mawaya omwe. Madzi pa petulo ndi kungomwaza moto."

Panali china cha mtundu womwewo, chocheperako, cha kilo imodzi. Ndinachiloza poganizira thumba langa. Anapukusa mutu.

"Icho mukachifinya n'kuyamba Atate Wathu, chimatha musanafike pa 'mutipatse ife lero'. Tengani cha makilo awiri. Ine ndinaona lole ya mnzanga ikupsa ku Chikangawa. Moto unayamba ngati ndudu. Tinali amuna ambiri, tonse tinangogwira m'chiuno."

Aka kanali koyamba kuwaona osamwetulira. Ndinagula chachikulucho, ngakhale zinatanthauza kuti ulusi wa majuzi udikire.

Sanalole kuti chikhale kubuti. Anati kumeneko kumakhala matumba a makala ndi madengu a tomato, ndipo moto sudikira kuti munthu atsitse katundu. Anapita kwa wowotcherera, amene anachikonzera pokhala pake pansi pa mpando wakutsogolo wa pasinjala. Titafika kunyumba anatiimika ine ndi Tina pabwalo ngati ana a sukulu.

"Kapini kaye, sololani. Lozani pansi pa moto, osati pa malawi. Finyani. Ndiye muzisesa, uku ndi uku, ngati mukusesa pabwalo. Utsi ukachokera ku injini, boneti musaitsegule yonse, mungaupatse mpweya. Amama, tayesani."

Ndinayesa ndi botolo la madzi, manyazi atandigwira chifukwa aneba ankasuzumira. Anandibwerezetsa mpaka manja anazolowera.

"Amalume," anatero Tina, "nanga ichi simukachibwereketsa?"

Ndinamutsina pamkono, koma a Mhone anaseka mpaka kugwira galimoto.

"Mwana uyu wakumana ndi Eness! Yayi, mwana wanga. Jeke ichoka, sipanala ichoka. Ichi chokha yayi."

Sienta inayamba kuyenda pakati pa tauni ndi Mchengautuwa. Miyezi imeneyo inali yabwino. A Mhone ankabweretsa galimoto madzulo aliwonse ili yotsuka, ndipo Lamulungu ankatitengera kutchalitchi asanapite kutchalitchi kwawo kukaimba besi. Tina sanabwezedwenso kusukulu. Nthawi zina ndikapita kukagula ulusi ndinkaima tsidya lina la msewu n'kumayang'ana pa siteji pawo. Anzawo ankawatcha Hadiweya, ngati sitolo ya zitsulo. "Hadiweya, sipanala ya teni!" "Hadiweya, pampu!" Iwo ankangoloza kubuti osasiya kucheza.

Jeke yathu inali yofiira. Tsiku lina inabwera yabuluu, kenako yakuda yopindika chogwirira. Nditafunsa anandifotokozera mofatsa kuti pamsewu munthu sukhala ndi chako. Lero wapereka, mawa ndiwe wagona m'thengo. Dalaivala wokana jeke, anati, tsiku la maliro ake adzadzinyamula yekha. Ndinaona kuti ndi zoona, chifukwa tsiku limene Sienta inathyoka chitsulo cha kunsi, anzawo anaikoka naikonza osapempha kanthu. Lamulungu lililonse ndikakhala kutsogolo ndinkagunda ndi chidendene pansi pa mpando, botolo n'kuyankha kuti lilipo.

Kenako mafuta anasowa. Magalimoto ankagona m'mizere, madalaivala osapita kwawo. Mmawa wina, Lachiwiri, a Mhone anatumiza uthenga kuti ali pamzere kuyambira dzulo lake ndipo akumva kuti thanki ifika masana. Ndinaphika mbatata, n'kuthira tiyi m'fulasiki, ndinapita.

Mzere unali wautali moti pamene panali Sienta, pomwetsera mafutapo sipankaoneka n'komwe. Magalimoto anali atagundana mphuno ndi matako, ambiri ali ndi zigubu kumbuyo. Mzere ukasuntha ankangokankha ndi manja posunga timadontho totsala. Amayi a mandasi ndi a chimanga chowotcha anali atatsegula msika wawo m'mbali mwa msewu.

Ndinaipeza Sienta ili yokha, mawindo otsegula. Dalaivala wa galimoto yakumbuyo anati a Mhone apita kukathandiza kukankha minibasi ina, abwera posachedwa. Ndinalowa n'kukhala kutsogolo. Pampando wa dalaivala panali mafoni ambirimbiri, aakulu ndi aang'ono, onse akutchajidwa. Wina anali atalumikiza waya pansi pa dashibodi, n'kuugawa nthambinthambi ngati mizu ya chinangwa, molumikizamo atakulunga mapepala a pulasitiki. Anzawo onse a pamzere mafoni anali atawathera moto, ndipo Hadiweya anali atavomera.

Ndinayamba kumva fungo ngati la ndowa ya pulasitiki imene yayandikira mbaula. Ndinayang'ana kwa amayi a chimanga. Sikunali kumeneko. Kautsi koyera kankatuluka pansi pa chiwongolero. Nditawerama ndinaona kalawi kakang'ono, kabuluu, kakudontha pa kapeti ngati phula la kandulo.

Sindinaope. Ndikunena zoona, mtima wanga unali m'malo. Ndinkadziwa chochita: kapini, pansi pa moto, kufinya, kusesa. Ndinapisa dzanja pansi pa mpando n'kukoka ndi mphamvu, poyembekezera makilo awiri.

Chinabwera mopepuka moti dzanja langa linamenya chitseko. Kanali kachitini kofiira kofwifwa, komangidwa ndi mphira ya chubu pamalo pa botolo langa. Ndinakayang'ana. Ndinayang'ananso pansi pa mpando, ngati kuti botolo lingabisale kuseri kwa fumbi. Ndinafinya kachitiniko. Kanalavula kathovu kochepa ngati ka munthu wotsuka mano, n'kutonthola.

Ndinatuluka. Ndinati, "Moto," koma mawu anga sanafike ngakhale pa galimoto yachiwiri. Mayi wa mandasi ndiye anaona utsi, nakuwa m'malo mwanga.

"Moto! Moto, mwe! Galimoto yikuphya!"

Zimene ndinaona pambuyo pake sindidzaziiwala. Zitseko zinatseguka mzere wonse. Amuna anathamanga kuchokera kutsogolo ndi kumbuyo, aliyense atanyamula chofiira chake. Mtima wanga unati basi tapulumuka, zozimitsira zonsezi. Woyamba anafika, naloza pawindo, nafinya. Chinangoti fyuu, mpweya wokha. Wachiwiri kapini kanali katachita dzimbiri, anakakoka ndi mano osatheka. Wachitatu chogwirira chinathyokera m'manja. Wina chake chinatulutsa timadzi tofiirira n'kumunyowetsa nsapato. Wina anagwedeza lake, naligogoda pa tayala, naligwedezanso. Panali bambo wina wamfupi amene anathamanga kuposa onse, koma atafika anangoima botolo lili pachifuwa.

"Finyani, adada!" anakuwa mayi wa mandasi.

"Langa n'longoonetsa," anayankha bamboyo.

"Nanga mwathamangiranji?"

Uku moto unali utagwira mpando wa dalaivala, mafoni akuphulika ngati mbuliwuli. Ena anathamangira pomwetsera mafuta kukatenga zozimitsira za kumeneko, koma kunali kutali.

A Mhone anafika akupuma mwabefu. Anayang'ana moto, nayang'ana kachitini kamene kanali kadakali m'dzanja langa. Nkhope yawo inatuwa ngati phulusa.

"Chili kuti?" ndinafunsa.

"Wiza," anatero. Wiza anali dalaivala mnzawo wa pa siteji. "Wapita nacho kukayezetsa galimoto. Kumeneko amayang'ana kamuvi. Anati abweza lero lomwe, amama, lero lomwe."

Wina anakuwa kuti m'minibasi yakutsogolo muli zigubu, ndipo anthu anayamba kubalalika, amayi akusiya madengu awo. Eni magalimoto oyandikana analira ngati ana, chifukwa panalibe potulukira, kutsogolo galimoto, kumbuyo galimoto.

A Mhone anavula jekete, naikulunga kudzanja, natsegula chitseko cha dalaivala. Utsi wakuda unawaphimba. Ndinawaona akulowetsa theka la thupi m'motomo kukatsitsa handibuleki. Jekete inagwira moto, anaitaya. Anagwira chiwongolero ndi manja okhaokha, pulasitiki yake ikusungunuka.

"Kankhani! Timothy, kankhani, mwe!"

Timothy, wapampando wa siteji yawo, ndi amuna ena anakankha kumbuyo nkhope atatembenuzira kumbali. Sienta inakhukhuza bampala ya minibasi, n'kutuluka mumzere, a Mhone akuyenda m'mbali mwake osasiya chiwongolero. Inatsika m'ngalande, n'kukaima pabwalo la dothi lofiira pamene panalibe kanthu. Anthu anathira dothi ndi manja, ena anamenya ndi nthambi za bulugamu. Mawindo anaphulika. Matayala nawo anaphulika limodzilimodzi, ndipo pa kuphulika kulikonse khamu linkati "Eee!" Kumbuyo kwanga bambo wina ankangoti, "Foni yane, foni yane," ngati kuti pa zonse zimene zinkapsa, yake yokha ndiyo inali ndi mwini.

Ozimitsa moto anafika, nazimitsa chimene chinatsala. Sienta sichedwa kupsa. Mipando inangotsala mawaya. Ndinayandikira ndikuganiza kuti mwina fungo lija la a Frackson lilipobe penapake, koma munali fungo la mphira lokha. A Mhone anali ataima poteropo, manja atawatambasula kutsogolo ngati anyamula mbale yosaoneka. Khungu la m'manjamo sindikufuna kulifotokoza. Anawatengera kuchipatala pa njinga yamoto, chifukwa panalibe galimoto yofuna kutaya malo ake pamzere. Fulasiki ndinabwerera nayo kunyumba ili yodzaza.

Inshulansi yathu inali ija yolipira munthu amene wamugunda, osati galimoto yako. Izi ndinazimva mawa lake.

Lamulungu masana madalaivala a pa siteji anabwera kwathu ngati mmene anthu amabwerera pa maliro. Anakhala pakhonde zipewa zili m'manja, wina anapemphera, napereka shuga ndi sopo. Wiza anagwada pakhomo akulira, mwamuna wamkulu wa ndevu. Kenako Timothy anaimirira kuti ayankhule m'malo mwa onse.

"Amama, ife tabwera kudzapepesa, komanso kudzathokoza. Botolo lanu lija latithandiza chomene. Pa siteji yathu palibe galimoto imene sinakhoze nalo poyezetsa. Linkapita mmawa, madzulo labwera. Ena a ku Luwinga nawonso analawako. Chiuta akudalitseni."

Onse anawomba m'manja mwaulemu, "Yewo, amama, yewo." Ndinakhala pamkeka ndikuwayang'ana. Ndiye kuti miyezi yonse ija botolo langa linkayenda tauni yonse ngati poto wa pa ukwati, n'kumabwerera pansi pa mpando kudzandidikira Lamulungu. Ankandithokoza ndi mtima wonse, osaona chachilendo.

"Nanga tsopano mwagula zanu?" Ndinadabwa kumva mawu anga omwe.

Anayang'anana. Wina anatsokomola. Timothy anati nkhaniyo aikambirana pa msonkhano, ndipo maganizo alipo oti asonkherane agule limodzi labwino, la siteji yonse.

Temu itatha, Tina anachoka pa sukulu ija. Tsopano amaphunzira masana, pa sukulu imene amati openi, ndipo mmawa amandithandiza kusoka mabatani a majuzi. Sadandaula pamaso panga. Chigoba cha Sienta anachitenga a zitsulo zakale.

Ndinayesa kuwakwiyira a Mhone. Masiku ena zinkatheka, makamaka ndikaona yunifolomu yakale ya Tina. Koma mumsika anthu ankandiimitsa, ena osawadziwa n'komwe, kundiuza kuti pakanapanda bambo ameneyo mzere wonse ukanapsa, mwina ndi anthu omwe. Zimenezo ndi zoona. Ndi zoonanso kuti kalawi kaja ndikanakazimitsa ndekha ndisanadzuke pampando. Ziwirizi ndimazitembenuza m'mutu mpaka lero, ndipo palibe chimene chimagonjera chinzake.

Amayi Eness anabwera tsiku lina atavala chitenje chakuda ngati ofedwa. Anakana kukhala pampando.

"Ndinakuuzani kuti galimoto yonse sangaibwereketse," anatero. "Sindinadziwe kuti aziibwereketsa chiwalochiwalo. Amama, ndilibe nkhope."

Anandiuza kuti zala za amuna awo sizikupindika, ndipo adokotala sakulonjeza kuti adzagwiranso chiwongolero. Anali ataganiza zopita nawo kwawo ku Chintheche, kumene kuli abale oti n'kuwasamalira.

A Mhone eni ake anabwera tsiku loti mawa lake anyamuka, ndipo chichokereni sindinawaonenso. Unali mmawa, dzuwa litangoyamba kuotcha. Anaima pageti osatha kugogoda, mpaka Tina anawaona. Tayi anali atavala, yomangidwa mokhota, ndikuganiza kuti anawamanga ndi akazi awo. Manja onse awiri anali m'mabandeji oyera mpaka m'zigongono. Ndinawapatsa mpando pakhonde. Tina anabweretsa tiyi, kenako tonse tinazindikira kuti sangathe kugwira kapu. Inangokhala pansi ikuzizira.

Anayang'ana nthawi yaitali pamalo pamene galimoto inkaima. Udzu unali utayamba kumerapo.

"Amama, ndilibe mawu. Ndinakulonjezani pabwalo pompano, mwana uyu akumva."

"Manja ali bwanji?" ndinafunsa.

"Alipo. Akuyabwa, akuti ndiko kupola." Anatembenukira kwa ine. "Wiza anabweza chija. Chili kunyumba, Eness wachitsekera m'bokosi. Chili bwinobwino, kamuvi kadakali pobiriwira. Ndi chanu."

"Ndichiika m'chiyani, a Mhone?"

Anawerama. Ndinaganiza kuti akulira, ndipo ndinadzimvera chisoni kuti ndafunsa choncho. Koma atadzutsa mutu ndinaona kuti akulimbana ndi china, ngati munthu amene watumidwa uthenga wolemera.

"N'chifukwa chake ndabwera, amama. Pali mnyamata wina wa pa siteji, wangokwatira kumene, akukayezetsa galimoto Lachinayi. Wabwera kwathu kawiri. Ine ndamuuza kuti yayi, ndaphunzira, sindingaperekenso chinthu cha eni ake popanda kufunsa. Ali pamsewupo, akudikira. Ndikamuuze chiyani?"